Fe2+ ili ndi ma elekitironi 24 ngati Cr, nanga bwanji distribuição yake (kakhalidwe ka ma elekitironi) sikufanana?

Funso lachokera kwa mnyamata wa 12ª classe ku Ulónguè, ndalidulako pang'ono: "Aphunzitsi, pa teste anatifunsa distribuição electrónica ya Fe2+. Ine ndinati chitsulo chili ndi 26, kuchotsa 2 kutsala 24, ndinatsata diagrama ya Pauling mpaka 24 ndipo ndinapeza 1s2 2s2 2p6 3s2 3p6 4s2 3d4. Andichonga kuti ndalakwa. Mnzanga analemba 3d5 4s1 poti 24 ndi Cr, nayenso walakwa. Akuti yankho ndi 3d6 popanda 4s. Kodi si 4s yomwe imayamba kudzaza? Ikusowa bwanji? Ndithandizeni mayeso ayandikira."

Mphwanga, aphunzitsi ako sanakulakwire ayi, yankho ndi [Ar] 3d6 ndithu ([Ar] akuimira ma elekitironi 18 oyamba, okhala ngati a argon), ndipo iwe ndi mnzakoyo mwagwera m'dzenje limodzi ngakhale mayankho anu akuoneka osiyana. Nonse mwayamba ndi kuchotsa 26 − 2 kenako nkutenga 24 uja kupita naye pa diagrama. Diagrama ya Pauling ija ndi ya ma atomu omwe alibe chaji, imakuuza m'mene ma elekitironi amakhalira ukamayenda pa tabela kuchoka pa elementi ina kupita pa inzake, pomwe pulotoni ikuonjezeka ndipo elekitironi nayo ikuonjezeka. Ayoni, atomu yomwe ili ndi chaji ngati Fe2+, ndi nkhani ina, mapulotoni ali pomwepo 26 sanasunthe, angochoka ma elekitironi basi. Ndiye njira yolowera ndi njira yotulukira sizofanana, bola ugwire chimenechi kaye zina zonse zibwera zokha.

Kachitidwe kake nkosavuta. Lemba kaye atomu yonse isanataye kanthu, Fe ndi [Ar] 3d6 4s2. Kenako yang'ana nambala yaikulu yomwe ili kutsogolo kwa chilembo, apa ndi 4, ndiye camada yakunja kwambiri imeneyo, uchotse kumeneko mpaka ithe, ikatha ndi pomwe ukhudze 3d. Fe2+ yataya awiri, onse achoka mu 4s, kwatsala [Ar] 3d6. Fe3+ yataya atatu, awiri a mu 4s ndi imodzi ya mu 3d, kwatsala [Ar] 3d5. Ukatha werenga kuti utsimikize: argon ndi 18, kuonjezera 6 ndi 24, zakwana. Ukafuna kulemba zonse ndi 1s2 2s2 2p6 3s2 3p6 3d6. Ine ndimauza ana kuti akangomaliza kutsata diagrama ailembenso mwa dongosolo la manambala, 3d patsogolo 4s pambuyo, chifukwa ukasiya 4s2 3d6 dzanja limangothamangira kufufuta chomwe chili kumapeto, ndipo chomwe chili kumapetocho ndi 3d, walakwa kale.

Tsopano funso lako lenileni, loti ngati 4s inayamba kulowa ikuyambanso bwanji kutuluka. Mabuku ambiri amangoti "4s ili ndi mphamvu yochepa kuposa 3d" nkusiya pomwepo ngati ndi lamulo la muyaya, pamene zimenezi ndi zoona pa K ndi Ca basi, nambala 19 ndi 20. Pa ziwirizi elekitironi ya 4s, olo nthawi yambiri imakhala kutali, imatha kulowerera mpaka pafupi ndi nyukiliyasi nkumva kukoka kwa mapulotoni, pomwe ya 3d imatchingidwa ndi ma elekitironi 18 amkati aja, nde 4s imapambana. Koma mapulotoni akamachuluka 3d imakokedwa mwamphamvu, imafupika nkutsikira mkati, ndipo kuyambira pa Sc, nambala 21, 3d ili kale pansi pa 4s. Mwina ufunsa kuti nanga bwanji Fe siyingoika onse 8 mu 3d. Chifukwa ma orbital a 3d, timalo momwe ma elekitironi amakhala, ndi ang'onoang'ono, othinana, ma elekitironi onse ali ndi chaji yofanana ndiye amakankhana, ndipo atomu yopanda chaji imapeza kuti nkotchipa kusiya awiri kunja mu 4s momwe muli malo otakasuka kusiyana ndi kuwapanikiza onse mkati. Awiri amenewo ndi omwe ali kutali, ogwiridwa mofooka. Zili ngati mbuzi yomwe inayamba kulowa m'khola koma nkugona pakhomo penipeni, fisi akabwera safunsa kuti analowa koyamba ndani, amagwira yomwe ili pafupi. Ndipo ma elekitironi akangochoka, otsalawo amakokedwa kwambiri poti mapulotoni tsopano achuluka kuposa iwo, 3d imatsikiratu, 4s imatsala m'mwamba yopanda kanthu.

Taona izi uone kuti nambala ya ma elekitironi payokha siuza munthu chilichonse. K, Ca+, Sc2+ ndi Ti3+ zonse zili ndi ma elekitironi 19. K ndi [Ar] 4s1, Ca+ ndi [Ar] 4s1, koma Sc2+ ndi [Ar] 3d1, Ti3+ nayo [Ar] 3d1. Ma elekitironi omwewo, chasintha ndi mapulotoni, 19, 20, 21, 22, ndipo penapake pakati pa 20 ndi 21 mpikisano watembenuka. Pa 24 pako paja ndi chimodzimodzi, Cr ndi 3d5 4s1, Mn+ ndi 3d5 4s1, Fe2+ ndi 3d6, Co3+ ndi 3d6. Mnzako uja anaganiza kuti chilichonse cha 24 chiyenera kuvala ngati Cr. Zimenezo zimatheka pa Na+ ndi Ne kapena Cl− ndi Ar, nchifukwa chake ana amazolowera kuyambira m'makalasi apansi, koma pa zitsulo za pakati pa tabelazi zimakanika.

Ndipo usaganize kuti ndi nkhani yongogwirizana anthu olemba mabuku, zinthuzi zimayezedwa. Elekitironi yomwe ili yokha mu orbital, yopanda mnzake, imachita ngati kamaginito kakang'ono, nde ukaika mchere wa chitsulo pafupi ndi maginito amphamvu nkuyeza kuti ukukokedwa bwanji umadziwa kuti osakwatiranawo alipo angati. Pali kafomula kake, raiz quadrada ya n(n+2), n kukhala nambala ya omwe ali okha. Tenga Mn2+. Mn ndi [Ar] 3d5 4s2. Njira yako ija ikanapereka 4s2 3d3, okha atatu, fomula ikupereka 3,87. Njira yolondola ikupereka 3d5, okha asanu, 5,92. Akayeza mchere wa Mn2+ amapeza pafupifupi 5,9. Nkhani yatha pamenepo.

Umboni womwe ndimaukonda ine ndi wa zinki poti sufuna makina. Zn ndi nambala 30, [Ar] 3d10 4s2. Zikanakhala kuti 3d ndiyo imayamba kutaya, Zn2+ ikanakhala 4s2 3d8, d yosadzaza, ikanakhala ndi mtundu ngati Ni2+ yomwe ndi 3d8 ndipo m'madzi imakhala yobiriwira. Koma mchere wa zinki ndi woyera, m'madzi suoneka nkomwe, ndipo maginito saukoka. Timapilisi ta zinki tomwe amapereka kuchipatala mwana akatsegula m'mimba ndi sulfato ya zinki imeneyo. Zn2+ ndi 3d10, yodzaza, palibe malo oti elekitironi idumphire mkati mwa d, nde palibe kuwala komwe ikumeza. Pa chifukwa chomwechi IUPAC (bungwe la dziko lonse loona za mayina ndi matanthauzo a mu chemistry) ikamatanthauzira metal de transição imati ndi elementi yomwe atomu yake kapena ayoni yake ili ndi d yosadzaza, ndiye zinki ambiri saiwerengera m'gulumo olo ili mu bloco d. Funso limeneli limabwera pa mayeso, lisunge.

Ukazolowera pali chidule chomwe anthu a chemistry amagwiritsa ntchito tsiku lililonse osalemba ndi diagrama yomwe. Tenga nambala ya gulupu, chotsa chaji, chotsalacho ndi ma elekitironi a d. Fe ili gulupu 8, Fe2+ ndi 8 − 2 = d6, Fe3+ ndi d5. Co gulupu 9, Co2+ ndi d7. Ni gulupu 10, Ni2+ ndi d8. Ti gulupu 4, Ti4+ ndi d0, ndiye [Ar] basi, ndipo TiO2 ndi ufa woyera mbee womwe amaika mu penti yoyera. Zimagwira chifukwa nambala ya gulupu ndi s kuphatikiza d, ndipo mu ayoni onse otsala amakakhala mu d. Koma chenjera ndi tabela yomwe uli nayo, ambiri mwa ma tabela omwe amazungulira m'masukulu mwathu muno akadali ndi manambala akale achiroma aja, IB, IIB mpaka VIIIB. Pamenepo Fe, Co ndi Ni zonse zaunjikidwa mu VIIIB, ukatenga 8 pa zonse zitatu Co ndi Ni zikutayitsa ma valores. Mkuwa walembedwa IB koma pa chidulechi ndi 11, zinki IIB ndi 12. Ngati tabela yako ilibe manambala a 1 mpaka 18, werenga wekha ndi chala kuyambira pa K kukhala 1, Ca 2, Sc 3, kumapita choncho, kapena chotsa 18 pa nambala ya atomu poti mzere umenewu umayambira pambuyo pa argon, Fe 26 − 18 = 8, Cu 29 − 18 = 11.

Chidulechi chimakupulumutsanso pa Cr ndi Cu, ziwiri zomwe zimazunguza ana mutu. Cr siili 3d4 4s2 ngati m'mene diagrama ikunenera, ili 3d5 4s1, Cu siili 3d9 4s2, ili 3d10 4s1. Mkalasi timati ndi chifukwa choti d yodzaza theka kapena yodzaza yonse ndi yokhazikika, pa mayeso lemba choncho ulandira, olo kunena zoona ndi theka chabe la nkhani, poti W yomwe ili gulupu imodzi ndi Cr ili 5d4 6s2 osasamala za theka lija, ndipo Nb ili 4d4 5s1 popanda theka lililonse. Chenicheni nchoti s ndi d zayandikana kwambiri mphamvu, kanthu kakang'ono kamatha kupendeketsa sikelo. Koma ukafika pa ma ayoni a 2+ kupita m'mwamba chisokonezo chonsechi chimatha. Cr3+ ndi 6 − 3 = d3. Ukatsata njira yaitali, 3d5 4s1, chotsa imodzi ya 4s, chotsa awiri a 3d, 3d3, chimodzimodzi. Cu2+ ndi 11 − 2 = d9, Cu+ ndi d10. Pomwe ana amagwa ndi pa Cu+, amayamba ndi 3d9 4s2 yolakwika ija nkuchotsa imodzi nkupeza 3d9 4s1, pamene yankho ndi 3d10. Ndipo maso akuuza, mankhwala a mkuwa omwe alimi a ku Tsangano ndi kuno ku Angónia amapopera tomato ndi batata reno kuti zisagwidwe ndi chiwawu amakhala obiriwira kapena a buluu, ndi Cu2+ imeneyo, d9, pali mpata umodzi. CuCl yomwe ili ndi Cu+ ikakhala yosadetsedwa ndi yoyera ngati mchere wa zinki uja.

Ndanena kuti 2+ kupita m'mwamba dala. Ma ayoni a 1+ omwe ali okha mu mpweya, omwe amaphunziridwa ndi makina, ena amasungabe 4s, Fe+ ndi 3d6 4s1, Mn+ ndi 3d5 4s1. Ena amachita zodabwitsa, Co ndi 3d7 4s2 koma Co+ ndi 3d8, yataya imodzi ya 4s ndipo inzakeyo yatsikira mu 3d, V+ nayo ndi 3d4. Izi pa 12ª sakufunsa, Cu+ ndi Ag+ ndi zokhazo za 1+ zomwe ukumane nazo, ndangokuuza kuti uone kuti 3d ikutsikadi chaji ikangobwera.

Nthawi zambiri pa mayeso, makamaka a admissão, sakupatsa ayoni poyera, amakupatsa fomula kuti upeze wekha chaji. Apa ndi samu ya nox basi, ndiye kuti chaji yomwe timawerengera atomu iliyonse mu fomula. MnO2, ufa wakuda uja umaupeza ukaswa batire la tochi, okosijeni awiri ndi −4, nde Mn ndi +4, 7 − 4 = d3. KMnO4, K ndi +1, okosijeni anayi ndi −8, Mn ndi +7, d0. K2Cr2O7, Cr ndi +6, d0. Fe2O3 ndi Fe3+, d5, ndiye dzimbiri limenelo komanso kufiira kwa dothi la katondo. Pa [Cu(NH3)4]2+ amoniya alibe chaji nde Cu ndi +2, d9. Pa [Fe(CN)6]4− CN iliyonse ndi −1, zonse 6 ndi −6, kuti zitsale −4 Fe ndi +2, d6. Kunena mwachilungamo mu KMnO4 mulibe ayoni yeniyeni ya Mn7+ yoyandama payokha, Mn ndi okosijeni zikugawana ma elekitironi, +7 uja ndi kawerengedwe chabe, koma d0 ndi yomwe amafuna. Wina wochenjera afunsa kuti nanga d0 bwanji permanganato ali wapepo kwambiri chonchija, kadontho kamodzi kudetsa beseni lonse la madzi. Mtundu umenewo suchokera kudumpha kwa mkati mwa d ayi, ndi elekitironi yomwe ikudumpha kuchoka pa okosijeni kupita mu d ya Mn yopanda kanthuyo, njira ina, ndipo nchifukwa chake uli wakuda bii kuposa pinki wofooka wa Mn2+.

Pali mafomula awiri omwe amatchera msampha ndipo onse ndi a kwathu kuno. Fe3O4, magnetite, mwala wachitsulo womwe umakokedwa ndi maginito, m'chigawo chino cha Tete ulipo wosakanikirana ndi titaniyamu ndi vanadiyamu. Ukachita samu upeza +8/3, ndiye mwana amayamba kulemba d ya ma fraction, ayi, mulibe chidutswa cha elekitironi, muli Fe2+ imodzi ndi Fe3+ ziwiri, d6 imodzi ndi d5 ziwiri. Winayo ndi FeS2, pirite, timiyala tonyezimira ngati golide tomwe timapezeka kawirikawiri m'malasha. Ukati S iliyonse ndi −2 upeza Fe4+, zolakwika, ma S awiriwo agwirana okhaokha ndipo onse pamodzi ndi −2, nde ndi Fe2+, d6. Ngati ukulota zokaphunzira za migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete, miyala iwiriyi udzakumana nayo mpaka kutopa.

Tsopano za timabokosi tomwe timajambula kuimira ma orbital, poti funso lotsatira limakhala loti ma elekitironi osakwatirana alipo angati. d ili ndi ma orbital asanu, iliyonse imalandira awiri otembenukirana, lamulo la Pauli limenelo, ndipo lamulo la Hund likuti yamba waika imodzi imodzi m'mabokosi onse asanu mivi yoloza mbali imodzi, ukamaliza ndi pomwe uyambe kuphatikiza. Nde d1 mpaka d5 osakwatirana ndi nambala yomweyo, kupitirira apo ndi 10 kuchotsa nambalayo, d6 anayi, d7 atatu, d8 awiri, d9 imodzi, d10 palibe. Fe2+ anayi, Fe3+ asanu. Ndipo apa ndi pomwe distribuição imayamba kufotokoza zinthu zomwe umaziona. Mu Fe2+ elekitironi ya nambala 6 ija yapanikizidwa m'bokosi momwe muli kale ina, zikukankhana, nde kuichotsa sikuvuta kwambiri. Mu Mn2+ onse asanu aliyense ali ndi bokosi lake, palibe yemwe akufuna kuchoka. Manambala akuvomereza, kuchotsa elekitironi yachitatu pa Fe kumafuna pafupifupi 2957 kJ/mol, pa Mn pafupifupi 3248 kJ/mol, chonsecho Fe ndiyo ili ndi mapulotoni ambiri ndipo munthu ukanayembekeza kuti ndiyo ikakamire kwambiri. Nchifukwa chake madzi a pa mjigo wina amatuluka oyera bwinobwino koma ukawasiya mu ndowa amasanduka ofiirira nkusiya zinyalala pansi, pansi pa nthaka munali Fe2+ yosungunuka, yakumana ndi mpweya, yataya imodzi yasanduka Fe3+ yomwe siisungunuka m'madzi otere. Mn2+ m'madzi omwewo imachedwa kwambiri kusintha. Sindikuti manambala awiri aja okha ndi omwe akulamula zonse, m'madzi mumalowanso zina, koma mbali yomwe akulozayo ndi yolondola.

Mizere yapansi ya tabela usaiope, ndi zomwezo, kungosintha manambala. Ag ndi [Kr] 4d10 5s1, Ag+ ndi [Kr] 4d10. Pd ndi yachilendo, [Kr] 4d10 yopanda 5s nkomwe, koma Pd2+ ndi 10 − 2 = 4d8 osavutika. Pa mzere wa golide chokhacho choti usaiwale ndi 4f14, Au ndi [Xe] 4f14 5d10 6s1, Au3+ ndi [Xe] 4f14 5d8, ndipo mercúrio yomwe okumba golide amagwirira golideyo, Hg2+ yake ndi [Xe] 4f14 5d10. Ma f amenewo sukhudza, ali mkati. Ndipo lamulo loti yamba ndi nambala yaikulu limagwiranso kunja kwa bloco d, kungoti kumeneko p ndiyo imayamba, kenako s. Pb ndi [Xe] 4f14 5d10 6s2 6p2, Pb2+ yataya 6p2 yasunga 6s2. Ga3+ ndi [Ar] 3d10. Chidule cha gulupu kuchotsa chaji chija usapite nacho kumeneko, ndi cha gulupu 3 mpaka 12 basi.

Kanthu kena komwe udzakumane nako ku yunivesite, ndikuuziretu kuti usadzati anandinamiza. Nambala ya d siisintha, Fe2+ ndi d6 kulikonse, koma kakhalidwe ka m'mabokosi kamatha kusintha malinga ndi zomwe zazungulira chitsulocho. Ma orbital asanu aja amakhala ofanana mphamvu ayoni ikakhala yokha. Ikazunguliridwa ndi mamolekyu 6, amagawika, atatu amatsika awiri amakwera. Mpata wapakatiwo ukakhala waung'ono, monga ndi madzi, Hund amagwirabe ntchito ndipo [Fe(H2O)6]2+ ili ndi osakwatirana anayi. Mpata ukakula, monga ndi CN−, ma elekitironi amaona kuti bola kuthinana pansi kusiyana ndi kukwera, onse 6 amalowa m'mabokosi atatu apansi awiriawiri, nde [Fe(CN)6]4− ilibe wosakwatirana olo mmodzi ndipo maginito saikoka. Mpata womwewu ndi umene umabweretsa mitundu, elekitironi imameza kuwala kwa mtundu wina kuti idumphe kuchoka pansi kupita pamwamba, ife timaona kotsalako. Nchifukwa chake Co2+ yomweyo, d7 yomweyo, m'madzi ndi ya pinki koma ukathira HCl wamphamvu imasanduka buluu, ndipo sulfato ya mkuwa ya buluu ukaiwotcha madzi nkuchoka imayera. Pauling yemweyo wa diagramayo, pamodzi ndi Charles Coryell, mu 1936 anayeza hemoglobina ndi maginito napeza kuti yopanda okosijeni imakokedwa koma yomwe yanyamula okosijeni siikokedwa. Chitsulo cha m'magazi chimayenera kukhala Fe2+ kuti chigwire okosijeni, chikasanduka Fe3+ sichinyamulanso, ndipo sal ferroso yemwe amayi oyembekezera amalandira ku sikelo ndi Fe2+ yomweyi, thupi limaiyamwa mosavuta kuposa Fe3+. Koma pa pepala la 12ª akangoti Fe2+ osatchula china, jambula mabokosi asanu ofanana, osakwatirana anayi.

Za kalembedwe, ena amafunsa ngati kulemba 4s0 nkulakwa. Sikulakwa, [Ar] 3d6 4s0 ndi [Ar] 3d6 ndi chinthu chimodzi, aphunzitsi ena amakonda 4s0 poti imaonetsa kuti mwana wadziwa komwe achoka. Akafuna ndi ma camada, K L M N, Fe ndi 2, 8, 14, 2 ndipo Fe2+ ndi 2, 8, 14, Fe3+ ndi 2, 8, 13. Taona kuti polemba chonchi palibe mwana yemwe amalakwitsa, aliyense amachotsa 2 wakumapeto uja osaganiza kawiri, ndipo 2 ameneyo ndi 4s. Apa uonanso kuti Fe2+ ilibe octeto, camada yake yakunja ili ndi 14, ndipo palibe vuto, lamulo la 8 lija silinapangidwire zitsulo izi, Sc3+ ndi Ti4+ zimafika pa argon koma Fe kuti ifike pamenepo ikanayenera kutaya 8, mphamvu yake palibe reaction wamba yomwe ingalipire.

Yesa izi pa kope usanayang'ane mayankho: V3+, Co3+, Ni2+, Cr2+, Mn mu Mn2O3, ndi Pt2+, ulembe distribuição ndi nambala ya osakwatirana pa zisanu zoyambazo. V ili gulupu 5 nde V3+ ndi [Ar] 3d2, awiri. Co3+ ndi [Ar] 3d6, anayi. Ni2+ ndi [Ar] 3d8, awiri. Cr2+ ndi [Ar] 3d4, anayi. Mu Mn2O3 okosijeni atatu ndi −6, Mn iliyonse +3, [Ar] 3d4, anayi, yofanana ndi Cr2+ poti zonse ndi ma ayoni a ma elekitironi 22, apa kufananiza kumaloledwa, ayoni ndi ayoni inzake, koma Ti yomwe nayo ili ndi 22 ndi 3d2 4s2. Pt ili gulupu 10 pansi pa Ni ndi Pd, nde Pt2+ ndi [Xe] 4f14 5d8. Ngati pa Cr2+ unapeza 3d3 4s1 ndiye kuti unachotsa mu d 4s ikadalipo, bwerera pa 3d5 4s1 uchotse ya 4s kaye kenako imodzi ya 3d, ndipo umuonetsenso mnzako uja poti iye Cr amaidziwa kale.